Momwe mungakhazikitsire thumba la m'dera lothandiza magulu ang'onoang'ono mu Lilongwe

Kusonkha ndalama sikutivuta anthu a mu Lilongwe. Maliro akagwa ku Kawale, mbale ya chipepeso imadzaza dzuwa lisanalowe. Kamlatho kakakokoloka, gulu la pa WhatsApp limabadwa usiku womwewo, nambala ya Airtel Money n'kuyamba kuzungulira. Pamene pamatikanika ndi mwezi wachitatu. Anthu amayamba kufunsa kuti zija tinasonkha zinakwana zingati, mwini nambala sakuyankhanso foni, wina watuluka m'gulu mokwiya, ndipo amayi ophikira ana phala pa sukulu ya mmera mpoyamba, omwe ndalamazo zimayenera kuwafikira, akupemphabe ufa khomo ndi khomo.

Thumba la m'dera limakonza vuto limeneli. Limatolera zopereka kwa anthu okhala m'deralo, amalonda ndi ana a m'deralo amene anasamukira kwina, limasunga gawo lina kuti lizibereka, kenako limapereka zotsalazo kwa magulu amene akugwira kale ntchito. Thumbalo silimanga chimbudzi kapena kuphika phala lokha. Limapatsa mphamvu amene akuchita kale zimenezo. Musalisokoneze ndi CDF, imene ndi ndalama za boma, kapena banki mkhonde, imene mamembala amabwerekana n'kugawana pakutha pa chaka. Kuno wopereka sayembekezera kubwezeredwa kanthu.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Anthu 7 kapena 9 odziwika bwino m'deralo, okonzeka kugwira ntchito mongodzipereka
- Ziphaso za unzika za anthu onsewo, zosatha ntchito
- Mabuku awiri a chikuto cholimba: lina la ndalama, lina la maminitsi a misonkhano
- Mabuku a malisiti a kaboni, okhala ndi manambala osindikizidwa kale
- Chidindo cha gulu
- Foni ndi simukhadi ya gulu, osati ya munthu
- Makalata ochokera kwa amfumu ndi khansala wa wodi yanu
- Mafayilo osungiramo mapepala
- Kandalama koyambira kochokera m'matumba mwanu, ka thiransipoti ndi kolembetsera

## Gawo 1: Dulani malire a dera ndi a ntchito

"Tithandiza osauka a mu Lilongwe" ndi lonjezo limene thumba latsopano silingakwanitse. Sankhani dera limene mungaliyende wapansi: Chinsapo, Mgona, Kauma, sekitala imodzi ya ku Area 25, kapena wodi imodzi. Lembani malire ake potchula zinthu zimene aliyense akuzidziwa, monga mtsinje, msika kapena msewu wa tala.

Mukatero khalani pansi ndi amene akugwira kale ntchito: alezi a ana pa sukulu za mmera mpoyamba, gulu la amayi a pa sukulu ya pulayimale, komiti ya pa kiyosiki ya madzi, achinyamata otolera zinyalala, alangizi a zaumoyo. Afunseni chimene chimawaimitsa. Kawirikawiri mudzapeza kuti n'zazing'ono: mphika waukulu unabooka, wilibala inathyoka, denga likudontha. Kuchokera pa zokambiranazo sankhani ntchito ziwiri, zikachulukitsa zitatu.

Chenjezo: nkhani ya maliro muigamule lero lomwe, maliro asanagwe. Thumba likangopereka chipepeso kamodzi, silingakanenso banja lachiwiri, ndipo chaka chisanathe litheratu. Maliro ali ndi njira zake kale, kumpingo, kumzikiti ndi kwa amfumu. Ngozi zogwera dera lonse ndi nkhani ina: amene anaona mtsinje wa Lingadzi utasefukira ku Mtandire mu 2017, kapena kolera ya mu 2022 ndi 2023, akudziwa kuti zoterezi sizichenjeza. Ikani kathumba kapadera ka ngozi, ndipo lembani mlingo umene sikangapyole.

## Gawo 2: Sankhani komiti

Chiwerengero chikhale chosagawika pawiri kuti mavoti asamafanane. Muikemo amayi osachepera theka, wachinyamata, wamalonda wa pamsika, Mkhristu ndi Msilamu ngati deralo lili ndi onse, ndi munthu mmodzi wodziwa kulemba mabuku a ndalama. Musaiwale alendi. M'madera ambiri a mumzinda muno ochita lendi ndi ochuluka, ndipo komiti ya malandilodi okhaokha saiona ngati yawo.

Amfumu ndi khansala muwalemekeze, muziwaitana pa zochitika zonse, koma asakhale osayinira ku banki. Khansala amasankhidwa pa zaka 5 zilizonse. Thumba likadziwika kuti ndi la khansala wakutiwakuti, theka la anthu lisiya kupereka, ndipo iye akagwa pa chisankho thumbalo ligwa naye.

Chenjezo: mwamuna ndi mkazi wake, kapena munthu ndi mlamu wake, asakhale pamodzi pa maudindo a wapampando, mlembi ndi msungichuma. Ngakhale akhale okhulupirika chotani, anthu adzanena, ndipo zonenazo ndi zimene zimaumitsa zopereka.

## Gawo 3: Lembani malamulo oyendetsera thumba

Yambani kuwalemba m'Chichewa, muwawerenge pa msonkhano wa anthu onse, kenako muwamasulire m'Chingerezi chifukwa maofesi ndi mabanki adzafuna a Chingerezi. Ambiri amachita mobwerera: amakopera malamulo a bungwe lina, n'kungosintha dzina, ndipo mkangano ukabuka palibe amene akudziwa chimene anasayinira.

M'malamulomo mukhale dzina la thumba, malire, ntchito zake, kutalika kwa nthawi ya udindo, chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano upange chiganizo, ndi njira yochotsera munthu pa udindo. Nthawi ya udindo isathere pamodzi kwa onse. Ena azituluka chaka chino, ena chaka chamawa, kuti pazikhala odziwa kumene mafayilo ali.

Pali ndime zitatu zimene anthu amazithawa chifukwa n'zowawa, koma ndi zimene zimasunga thumba.

Yoyamba: thumba silibwereketsa ndalama kwa wina aliyense, ngakhale wa m'komiti amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala. Kubwereketsa ndalama kwa anthu pa chiwongoladzanja ndi bizinesi imene ili ndi malamulo ake, ndipo imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Inu simunalembetse zimenezo.

Yachiwiri: palibe alawansi ya msonkhano. Apa ena adzanyinyirika, chifukwa tinazolowera kuti msonkhano uliwonse umatha ndi kusayina pa pepala. Koma tawerengani nokha: anthu 9 akamalandira K5,000 aliyense mwezi ndi mwezi, pa chaka zimakwana K540,000, ndalama yogulira ufa wa phala wa ana ambirimbiri. Bwezani ndalama ya minibasi kapena kabaza kwa amene watumidwa kutauni, atabweretsa umboni wa kumene anapita. Amene sangabwere popanda alawansi ndi bwino adziwike msanga.

Yachitatu: thumba likatha, katundu ndi ndalama zotsala zipite ku bungwe lina logwira ntchito yofanana, osati kugawana a m'komiti.

Onjezani ndime yakuti wa m'komiti amene ali membala wa gulu lopempha thandizo, kapena m'bale wake akulitsogolera, azinena yekha ndi kutuluka panja gulu lakelo likamakambidwa. Mlembi alembe m'maminitsi kuti anatuluka.

## Gawo 4: Lembetsani

Poyambira pafupi ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Lilongwe, kumene magulu a m'madera amalembetsa ngati CBO, kutanthauza bungwe la m'dera. Tengani malamulo anu, maminitsi a msonkhano wokhazikitsa thumba, mayina a komiti ndi makalata a amfumu ndi khansala.

Thumba likayamba kusunga ndalama zokulirapo kapena kukhala ndi malo, CBO yokha sikwanira. Pamenepo lembetsani kudzera ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi mabungwe, ngati trust (bungwe losunga chuma m'malo mwa anthu ena) pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, kapena ngati kampani yosagawa phindu pansi pa Companies Act ya 2013. Ubwino wake ndi wakuti katundu amalembedwa m'dzina la thumba, ndiye wina akamwalira kapena kusamuka, abale ake sangabwere kudzati puloti ija inali ya malemu. Mukafuna kugwira ntchito ngati NGO (bungwe lomwe si laboma), muyenera kulembetsanso ku NGORA, bungwe limene linalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwe omwe si aboma litasinthidwa mu 2022. Kumeneko mudzafunika kupereka lipoti chaka ndi chaka, pamodzi ndi mabuku a ndalama ofufuzidwa ndi maodita, choncho musathamangire dzina la NGO musanathe kulipira odita.

Tengani nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA. Kulembetsa ngati bungwe lachifundo sikukuchotserani msonkho pakokha. Zimenezo mumachita kupempha ku MRA polemba kalata.

Chenjezo: madobadoba amene amati akufulumizitsirani satifiketi muwapewe. Lipirani pa ofesi ndipo mutenge lisiti la boma.

## Gawo 5: Tsekulani akaunti, ndalama zichoke m'manja mwa munthu

Pitani ku mabanki awiri kapena atatu, monga National Bank, NBS, FDH kapena Standard Bank, mufunse za akaunti ya magulu ndi ndalama zimene amadula pa mwezi. Adzafuna satifiketi yanu, malamulo, maminitsi osonyeza kuti munagwirizana zotsekula akaunti, ziphaso za osayinira ndi umboni wa kumene amakhala. Osayinira akhale atatu, ndipo ndalama zizituluka awiri akasayina.

Pemphani kuti uthenga wa pafoni wonena za ndalama zolowa ndi zotuluka uzipitanso kwa munthu amene sasayina. Kanthu kakang'ono, koma kamatseka khomo lalikulu.

Anthu ambiri adzapereka kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Pitani ku maofesi a makampaniwa ndi mapepala anu mukapemphe nambala yolandirira ndalama ya m'dzina la thumba. Wopereka akamatumiza, pafoni pake pazioneka dzina la thumba, osati la msungichuma. Lachisanu lililonse ndalama zonse za pafoni zipite ku banki, ndipo mlembi ayerekeze mauthenga a pafoni ndi buku la ndalama.

Chenjezo: musasayiniretu cheke chopanda chiwerengero poti "mawa ndikhala ndili kumudzi". Kusayina kwa anthu awiri kumathera pomwepo.

## Gawo 6: Sonkhani, kuyambira pakhomo panu

A m'komiti apereke oyamba, ndipo mayina awo akhale pa tsamba loyamba la buku. Kenako yendani khomo ndi khomo awiriawiri, buku la malisiti lili m'manja. Ngakhale munthu apereke K500, mulembereni lisiti, mudindepo, lapamwamba atenge, lakaboni litsale m'buku. Tsamba lolakwika musaling'ambe. Lembanipo kuti lafafanizidwa, likhale momwemo kuti manambala asadumphe.

Chopereka chochepa cha mwezi ndi mwezi chimaposa chachikulu cha kamodzi. Tiyerekeze kuti mabanja 200 alonjeza K2,000 pa mwezi: ndi K400,000 pa mwezi, K4,800,000 pa chaka, popanda kulembera kalata mzungu aliyense. Apantchito muwafikire kumapeto kwa mwezi. Amene ali ndi minda kumudzi muwafikire akakolola, kuyambira Epulo mpaka Julayi, nthawi imenenso msika wa fodya ku Kanengo umakhala uli mkati. Januwale ndi Febuluwale si miyezi yopemphera ndalama.

Landiraninso zinthu: thumba la chimanga, simenti, malata, kapena mmisiri amene wadzipereka masiku awiri. Zonsezi zilembedwe ndi mtengo wake wa pamsika. Ana a m'deralo amene ali ku Johannesburg kapena Cape Town amatumiza kale ndalama kwawo kudzera ku Mukuru ndi njira zina. Chimene amafuna ndi kuona lisiti ndi chithunzi cha ntchito, chifukwa ambiri anapsapo kale potumiza ndalama zomangira nyumba imene sinamangidwe.

Pali njira ina imene mathumba oterewa amakopera opereka zambiri. Banja likhoza kuika ndalama m'thumba lanu m'dzina la mayi awo amene anali mphunzitsi, n'kunena kuti zizigulira mabuku okhaokha. Banjalo silivutika ndi kulembetsa bungwe lake kapena kutsekula akaunti. Inu mumasunga, mumapereka ndi kuwapatsa lipoti. M'buku la ndalama muwatsekulire tsamba lawolawo, ndipo ndalama zimenezo musazikhudze pa ntchito ina ngakhale zitavuta bwanji.

Mukakonza ulendo wa ndawala wopempha thandizo mumsewu, dziwitsani ofesi ya DC ndi apolisi nthawi ilipo.

## Gawo 7: Gawani ndalama patatu

Ndalama iliyonse yolowa, kupatula zija za tsamba lawolawo, igawidwe tsiku lomwelo: yopereka ku magulu, yosunga kuti izibereka, ndi yoyendetsera thumba. Mwachitsanzo, pa K100 iliyonse, K60 ipite ku magulu, K30 isungidwe, K10 ikhale ya mapepala, thiransipoti ndi zodula za banki. Magawowo mugwirizane nokha, koma alembedwe m'malamulo.

Gawo losungalo ndi mbewu, ndipo mbewu sadya ngakhale m'nyumba muli njala. Mumagwiritsa ntchito phindu lake lokha. Chitsanzo chachikulu m'dziko muno ndi Press Trust, imene ili ndi masheya mu Press Corporation ndipo imamanga masukulu ndi zipatala ndi phindu la masheyawo. Inu mukuchita zomwezo pa mlingo wa dera limodzi.

Vuto ndi kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yongokhala mu akaunti wamba imasungunuka muli kuyang'ana. Funsani banki yanu za fixed deposit (ndalama yosungitsa kwa nthawi yoikika kuti ibereke), kapena za ma Treasury bill, njira yobwereketsera boma ndalama, amene amakhala a masiku 91, 182 kapena 364, ndipo muyerekeze chiwongoladzanja chake ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Phindu likabwera, gawo lina libwerere ku mbewu kuti isachepe mphamvu. Maganizo anga ndi akuti m'zaka ziwiri zoyambirira musaumire kwambiri pa kusunga. Anthu amene sanaonepo chilichonse chochokera m'thumba sangapitirize kupereka pongouzidwa kuti ndalama zili ku banki.

Chenjezo: wina adzabwera ndi nzeru yakuti ndalama yosungayo aizunguze pa geni ya kaunjika kapena ya soya, abweze ndi phindu pakatha miyezi iwiri. Kanani, ngakhale akhale wapampando.

## Gawo 8: Itanani magulu kuti apemphe

Lengezani kamodzi kapena kawiri pa chaka, kumipingo, kumizikiti, pamsika ndi kudzera kwa amfumu. Nenani ndalama zonse zimene zilipo, mlingo umene gulu limodzi silingapyole, ndi tsiku lotsekera.

Fomu ikhale ya tsamba limodzi, ya m'Chichewa, yolembeka ndi bolopeni. Mafunso asanu akwanira: Ndinu ndani ndipo munayamba liti? Mwachita kale chiyani ndi mphamvu zanu? Mukufuna kuchita chiyani tsopano? Zidzadya ndalama zingati, chinthu chilichonse ndi mtengo wake? Inuyo muikapo chiyani? Mukafuna pulopozo ya Chingerezi ya masamba khumi, opambana adzakhala odziwa kulemba, pamene ogwira ntchito enieni atsala.

## Gawo 9: Kaoneni ndi maso musanasankhe

Anthu awiri a m'komiti apite ku gulu lililonse, tsiku limene gululo limagwira ntchito, osalengeza ola. Ngati ndi la phala, fikani m'mawa: muone ngati pa mafuwa pali phulusa la lero, muwerenge makapu, mutsegule kaundula wa ana muone ngati inki yake ndi ya masiku osiyanasiyana kapena yonse inalembedwa dzulo usiku. Funsani oyandikana nawo, osati wapampando yekha. Magulu a m'chikwama, amene amabadwa akamva kuti kwabwera ndalama, amagwidwa pamenepa.

Posankha, gwiritsani ntchito mfundo zomwezo kwa onse. Amene sanapambane muwauze chifukwa chake pamaso, ndipo muwauze zoti akonze kuti adzayesenso.

## Gawo 10: Perekani m'magawo

Sayiniranani kapepala ka mgwirizano, amfumu akhale mboni. Perekani theka loyamba. Lachiwiri lituluke gulu likabweretsa malisiti a loyambalo. Ndalama zipite ku akaunti ya gulu. Ngati gulu lilibe akaunti, lipirani kwa wogulitsa katundu mwachindunji, anthu awiri a gululo alipo.

Zogula za pamsika, monga nkhuni kapena mchenga, sizikhala ndi lisiti. Konzani kapepala kolembapo chinthu, mtengo, tsiku, dzina ndi nambala ya foni ya wogulitsa, iye asayine kapena adinde chala. Ndipo musangopereka ndalama n'kuchoka: msungichuma wanu akhale ndi msungichuma wa gululo masana amodzi, amuonetse kalembedwe ka buku. Gulu limene laphunzira kusunga mabuku likhoza mawa kukapempha thandizo ku mabungwe akuluakulu monga Tilitonse Foundation, limene limapereka ndalama ku mabungwe a m'dziko muno.

## Gawo 11: Werengani ndalama poyera

Pa miyezi itatu iliyonse lembani pa pepala lalikulu zolowa, zotuluka ndi zotsala, mumate pamsika, pa sukulu ndi pa kiyosiki, mutumizenso chithunzi chake pa WhatsApp pamodzi ndi sitetimenti ya ku banki. Kamodzi pa chaka itanani anthu onse. Magulu amene analandira ayime okha kufotokoza, ndipo munthu wodziwa za ndalama amene sali m'komiti afufuze mabuku asanawerengedwe. Wopereka amene sakufuna kutchulidwa mulembe kuti "wakufuna kwabwino", koma chiwerengero chake chioneke.

## Zolakwika zimene zimagwetsa mathumba ambiri

Kudikira mabungwe opereka thandizo. Komiti imatha chaka ikulemba makalata ku maofesi a ku City Centre, osagogoda khomo la oyandikana nawo. Mabungwe akunja nawonso amafunsa kuti anthu a m'deralo aikapo zingati.

Kulandira ndalama yaikulu thumba lisanakhwime. Wopereka mmodzi akabweretsa zoposa zonse zimene dera lasonkha, amayamba kulamula, ndipo anthu amasiya kupereka poti "kwabwera kale ndalama". Mukalandira yoteroyo, pemphani kuti ibwere molingana ndi zimene dera lasonkha: dera likaika K1, iye aikenso K1.

Thumba kuyamba kugwira lokha ntchito. Komiti ikayamba kugula njerwa ndi kulemba amisiri, palibenso woyang'anira mnzake, ndipo magulu amene mumati muwathandize asanduka opikisana nanu.

Kubisa vuto. Gulu likadya ndalama, kapena wa m'komiti akasowetsa, nkhaniyo imveka ndithu, inu munene kapena musanene. Lembani m'maminitsi, muitane munthuyo pamaso pa amfumu, mugwirizane kabwezedwe polemba, ndipo akakana pitani kupolisi. Pa msonkhano wotsatira muuze anthu zimene zinachitika ndi zimene mwasintha.

Kujambula ana ndi odwala popanda chilolezo kuti zithunzi zikope opereka pa Facebook. Pemphani kwa makolo kapena kwa mwiniwake, ndipo nthawi zambiri chithunzi cha mphika watsopano kapena denga lokhomedwa chimakwanira.

Kusiya mafayilo onse kunyumba kwa munthu mmodzi. Alendi amasamuka, nyumba zimadontha, chiswe chimadya mapepala. Jambulani satifiketi, malamulo, masamba a buku la ndalama ndi migwirizano yonse, musunge pa imelo ya thumba imene anthu atatu akudziwa pasiwedi yake, ndipo komiti ikasintha, pasiwediyo isinthidwe pamodzi ndi mayina a osayinira ku banki sabata yomweyo.